Malemu Alick Nkhata: Muulutsi ndi Woyimba Amene Dzina Lake Lili pa Mseu wa ku Kalikiliki

Anthu okhala mu Kalikiliki, Mtendere ndi Kalingalinga mu mzinda wa Lusaka amachula dzina la Alick Nkhata tsiku ndi tsiku. Ndilo dzina la mseu umene maminibasi awo amadzeramo popita mu tauni, ndipo mu mseu womwewo ndi mmene muli nyumba zoulutsira mau za ZNBC pa Mass Media Complex. Koma ambiri mwa acinyamata oyenda mu mseuwu sadziwa kuti mwini dzinali anali muulutsi wa pa wailesi ndiponso woyimba amene nyimbo zake zinamveka m'maiko atatu, ndi kuti anaphedwa pa nkhondo ya dziko lina m'caka ca 1978.

A Nkhata anabadwira ku Kasama m'caka ca 1922, pa nthawi imene dziko lino linali kuchedwa Northern Rhodesia. Amai awo anali a mtundu wa Cibemba ndipo atate awo anali a mtundu wa Citonga. Pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse anagwira nchito ya usilikali m'gulu la nkhondo la Britain, ndipo anafika mpaka ku Burma, monga anacitira anyamata ena ambiri a m'maiko a kuno.

Nkhondo itatha, a Nkhata anagwira nchito ndi Hugh Tracey, katswiri amene anali kuyendayenda m'maiko a kum'mwera, pakati ndi kum'mawa kwa Africa kujambula nyimbo za makolo. Uyu ndi Tracey yemwe m'caka ca 1954 anakhazikitsa nkhokwe ya nyimbo yochedwa International Library of African Music ku South Africa. Pa maulendo amenewa a Nkhata anaphunzira kagwiritsidwe nchito ka makina ojambulira mau, ndipo anamva ndi makutu awo kuculuka kwa nyimbo zimene zinali m'midzi, zimene anthu a mudzi wina sanali kuzidziwa cifukwa panalibe njira yozifikitsira kutali.

Njira imeneyo inali kukonzeka mu Lusaka. Boma la atsamunda linayamba kuulutsa mau mu mzindawu m'caka ca 1941, makamaka pofuna kuuza anthu za mmene nkhondo inali kuyendera. Pambuyo pake wailesiyi inakula nkukhala Central African Broadcasting Station, imene inali kuulutsira anthu akuda a mu Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland m'zinenero monga Cinyanja, Cibemba, Citonga, Cilozi, Cishona ndi Cindebele. Vuto linali lakuti mawailesi anali okwera mtengo ndipo nyumba za anthu akuda zinalibe magetsi.

Pofuna kuthetsa vutoli, mkulu woona zofalitsa nkhani m'boma, Harry Franklin, anagwirizana ndi kampani ya Ever Ready ya ku Britain kuti ipange wailesi yochipa yoyendera batire. Wailesiyo inayamba kugulitsidwa m'caka ca 1949 pa mtengo wa mapaundi 5, ndipo inachedwa Saucepan Special cifukwa inali yozungulira ngati poto wophikira. Inapakidwa utoto wa buluu ndipo mabowo ake anatsekedwa ndi kansalu ka waya kuti tizirombo tisalowe. Kawailesi aka ndiko kanalowetsa mau a ku Lusaka m'makomboni a m'migodi ndi m'midzi yakutali, kumene anthu anali kusonkhana madzulo pakhomo pa munthu mmodzi amene anali nako.

Pofika kuciyambi kwa zaka za m'ma 1950, a Nkhata anali atalowa nchito pa wailesiyi monga muulutsi ndi womasulira. Anali kuyendanso m'zigawo za dziko ndi makina ojambulira, kusonkhanitsa nyimbo za oyimba a m'midzi ndi m'matauni kuti ziulutsidwe. Omvera anali kulemba makalata ambirimbiri ku pulogalamu yochuka ya Zimene Mwatifunsa, kupempha nyimbo ndi kupereka moni kwa abale awo okhala kutali. Mwa njira imeneyi munthu wa ku Petauke wogwira nchito ku Kitwe kapena ku Salisbury anayamba kumva nyimbo ya kwao ikutuluka mu wailesi.

Kuonjezera pa kujambula nyimbo za ena, a Nkhata anapeka zawo. Ndi gulu lawo la oyimba anai lochedwa Alick Nkhata's Quartet, ndiponso pambuyo pake ndi Lusaka Radio Band, anatenga nyimbo za makolo ndi kuziyika pa gitala, naziyimba ndi mau ogwirizana bwino. Pa nthawiyo omvera a kuno anali kukonda kwambiri nyimbo za gitala za ku America, monga za Jimmie Rodgers, ndipo a Nkhata anaonetsa kuti cida comweco cikhoza kunyamula Cinyanja, Cinsenga ndi Cibemba popanda kuononga kukoma kwa cinenero.

Nkhani za m'nyimbo zawo zinali za moyo umene anthu anali kukumana nawo atangofika m'tauni: cikondi ndi kusiyana, mowa, ndalama, maukwati osalimba, ndi mavuto a munthu amene wasiya makolo kumudzi kuti akafune nchito. Zina zinali zoseketsa, zina zolangiza. Cifukwa ca ici nyimbozi zimaonedwa lero monga ciyambi ca nyimbo zamakono za dziko la Zambia, komanso monga mbiri ya mmene makomboni anayambira, yosimbidwa ndi munthu amene anaona zinthuzo zikucitika.

Nchito ya pa wailesi ya atsamunda inali ndi zoopsa zake. Pamene boma linali kukonzekera citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, cimene cinakhazikitsidwa m'caka ca 1953 anthu akuda asakufuna, ambiri anayamba kuona wailesi monga pakamwa pa azungu. Kunabuka mphekesera za banyama, anthu amene ankati amagwira anzawo ndi kuwacotsa magazi, ndipo anthu akuda ogwira nchito pa wailesi ya mu Lusaka anali m'gulu la oganiziridwa. Nkhani ya masiku ovutawa inalembedwa ndi Peter Fraenkel, amene anagwira nchito pa wailesiyi, m'buku lake lochedwa Wayaleshi la m'caka ca 1959. Aulutsi monga a Nkhata anali pakati pa moto uwiri: malipiro anali kucokera ku boma, pamene omvera awo anali anthu omwe anali kulimbana ndi bomalo.

Nthawi yosankha mbali itafika, a Nkhata anaima ndi omenyera ufulu. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1960 anayimba nyimbo zocirikiza cipani ca UNIP cotsogoleredwa ndi a Kenneth Kaunda. Citaganya cinatha kumapeto kwa caka ca 1963, ndipo dziko la Zambia linalandira ufulu wodzilamulira pa 24 October 1964. M'boma latsopano a Nkhata anakwezedwa kukhala mmodzi wa akuluakulu otsogolera Zambia Broadcasting Service, ndipo pambuyo pake anakhala mkulu wa nthambi ya boma yoona za cikhalidwe ndi miyambo. Gulu la Lusaka Radio Band linapitiriza kuyimba pansi pa dzina latsopano la Big Gold Six.

Cimene a Nkhata anayamba cinabala zipatso m'zaka za m'ma 1970, pamene a Kaunda analamula kuti pa nyimbo 100 zilizonse zoulutsidwa pa wailesi, 95 zikhale za mu Zambia. M'nyengo imeneyi munachuka oyimba a Zamrock monga gulu la WITCH, Rikki Ililonga ndi Paul Ngozi, ndipo m'zaka za m'ma 1980 munatsatira kalindula wa P.K. Chishala ndi gulu la Amayenge. Mayimbidwe awo anali osiyana ndi a Nkhata, koma onse anapeza omvera amene anali atazolowera kale kumva zinenero zawo ndi nkhani za kwao pa wailesi.

M'caka ca 1974 a Nkhata anapuma pa nchito ya boma ndi kukakhala pa famu yawo ku Mkushi. Pa nthawiyo dziko la Zambia linali kusunga omenyera ufulu a ku Zimbabwe a gulu la ZIPRA, lotsogoleredwa ndi a Joshua Nkomo. Pa 19 October 1978, asilikali a boma la Ian Smith la ku Rhodesia analowa mu Zambia ndi ndeke za nkhondo, naphulitsa msasa wa Freedom Camp ku Chikumbi, kumpoto kwa Lusaka, ndiponso msasa wina ku Mkushi. A Nkhata anaphedwa pa ciwembu cimeneci kufupi ndi famu yawo, ali ndi zaka pafupifupi 56. Munthu amene anapulumuka nkhondo ya ku Burma anafera kwao, masiku asanu dziko lisanakondwerere zaka 14 za ufulu.

M'caka ca 1991 kampani ya RetroAfric ya ku London inasonkhanitsa zina mwa nyimbo zawo ndi kuzitulutsanso m'cimbale cochedwa Shalapo, ndipo kudzera m'cimbale cimeneci anthu a maiko akunja anayamba kuwadziwa. Kuno kwathu cikumbutso cawo cacikulu ndi mseu uja wodutsa pa nyumba za wailesi kupita ku makomboni a kum'mawa kwa mzinda. Anthu a m'makomboni amenewa, amene ambiri makolo awo anacokera kumidzi kudzafuna nchito mu Lusaka, ndiwo mtundu wa anthu omwe a Nkhata anali kuwayimba ndi kuwayimbira. Nyimbozo zikapanda kuulutsidwa ndi kuphunzitsidwa kwa ana, cotsala kwa adzukulu awo cidzakhala dzina lokha lolembedwa pa cikwangwani ca mseu.