Thaddeus Stevens, phungu amene ankafuna kugawira minda akapolo omasulidwa

Ukapolo utathetsedwa ku America mu 1865, anthu akuda pafupifupi 4 miliyoni anamasulidwa chimanjamanja, opanda ngakhale kamunda kodzalapo chimanga. Mwa aphungu a nthawiyo, amene nkhaniyi inamusowetsa tulo anali Thaddeus Stevens, nkhalamba ya zaka 73 yoyenda motsimphina.

Stevens anabadwa mu 1792 ku Danville m'dera la Vermont, ali ndi phazi lopindika. Bambo ake anathawa banja iye akadali mwana, ndipo mayi ake ndiwo anakhetsa thukuta kuti aphunzire. Anakhala loya ku Pennsylvania, kumene mu 1835 anapulumutsa lamulo la sukulu zaulere limene aphungu anzake ankafuna kulifafaniza.

Koma dzina lake limakumbukika kwambiri pa nkhani ya malo. Mu Sepitembala 1865, polankhula ku Lancaster, anapempha boma kuti lilande minda ya eni malo akuluakulu pafupifupi 70,000 a kummwera amene anaukira boma pa nkhondo yapachiweniweni. Mwamuna aliyense womasulidwa alandire maekala 40, ndipo malo otsala agulitsidwe kuti ndalama zake zibweze ngongole ya nkhondo ndi kuthandiza asilikali olumala. Maganizo ake anali akuti amene analima mindayo mibadwomibadwo osalipidwa anali ataigula kale ndi thukuta lawo, komanso kuti wopanda munda adzabwerera kukagwada kwa mbuye wake wakale.

Zimenezi sizinali maloto chabe. Mu Januwale chaka chomwecho, mkulu wa asilikali William Sherman anali atapatula malo a m'mbali mwa nyanja ku South Carolina, Georgia ndi Florida, ndipo anthu pafupifupi 40,000 anakhazikikapo. Pulezidenti Andrew Johnson anakhululukira eni ake akale n'kulamula kuti malowo abwezedwe. Ambiri anachotsedwa atalima kale.

Mu Malichi 1867 Stevens anabweretsa bilu yake ku nyumba ya malamulo, atawonjezamo madola 50 a banja lililonse omangira nyumba. Ngakhale a chipani chake cha Republican anachita nayo mphwayi: kupatsa munthu wakuda voti anavomera, koma kukhudza chuma cha mzungu anaopa. Adani ake ankati akungobwezera chifukwa asilikali a kummwera anatentha fakitale yake ya zitsulo mu 1863. Lilime lake linalidi lakuthwa, ndipo chifundo kwa ogonja analibe, koma zimene ankaopa zinachitikadi. Omasulidwa ambiri anakhala alimi obwereka malo, opereka gawo la zokolola kwa mwini munda n'kumira m'ngongole, mchitidwe umene aliyense wodziwa mbiri ya thangata sangaudabwe.

Anamwalira ku Washington pa 11 Ogasiti 1868. Anali atasankhiratu kukagona m'manda aang'ono a ku Lancaster, chifukwa kumeneko ankaika akuda ndi azungu omwe.