UNDI WOYAMBA, MFUMU YOGAWA DZIKO

Ife amene tasonkhana pano pa Mkaika tacokera ku maiko atatu, ndipo ambiri tadutsa pa malire ndi ziphaso m'manja kuti tidzalambe kwa mfumu yathu yomwe. Kuti timvetse cimene cinatifikitsa pamenepa, tiyenera kubwerera kwa Undi woyamba.

Undi anabadwira m'banja lacifumu la Aphiri mu ufumu wa Maravi, umene likulu lake linali ku Mankhamba, pafupi ndi nyanja ya Malawi. Mbiri ya makolo imati iye anali mbale wa Kalonga, ndipo Kalongayo atamwalira, akuluakulu anamlambalala Undi nalonga wina. Undi anasamuka, natenga Nyangu, mai wobala mafumu, pamodzi ndi mbumba yacifumu. Popeza kwa ife ufumu umatsata kucikazi, ku Mankhamba kunatsala mpando, koma muzu wa ufumu unapita ndi Undi.

M'zaka za m'ma 1500 iye anamanga mudzi wake ku Mano, kufupi ndi mtsinje wa Kapoche, m'cigawo cimene lero ndi Tete ku Mozambique. Nzeru yake yolamulira inali kugawa. Abale ndi anthu ake okhulupirika anawapatsa malo nawalonga ufumu, ndipo iwo anali kubwera kudzalamba ndi minyanga ya njobvu ndi zikopa za mikango ndi akambuku. Anasunganso ubale ndi kacisi wa mvula wa Makewana ku Msinja. Olowa m'malo mwake anatsata njira yomweyo mpaka ufumu unafika ku Luangwa, pakati pa Ansenga. Malire ake sanali mzera wolembedwa papepala: ufumu unali kuthera pamene panathera anthu olamba kwa Undi.

Koma palibe ufumu umene sugwedezeka. M'zaka za m'ma 1700 Apwitikizi analowa ndi Acikunda ao kudzakumba golide, osalabadira mwini dziko. Malonda a akapolo anapasula midzi, mafumu ena nayamba kudzigulitsira okha minyanga. Mu 1835 Angoni anaoloka Zambezi, ndipo pambuyo pake Mpezeni anakhazikika m'dera la Chipata. Cotsiriza cinali pangano la Angelezi ndi Apwitikizi la pa 11 June 1891. Dziko linagawidwanso, koma tsopano ogawa anali alendo, ndipo kugawa kwao kunalekanitsa mtsibweni ndi muphwa wake. Mano anatsala m'manja mwa Apwitikizi, ndipo mu 1935 Undi wa nthawi imeneyo anasamukira ku Northern Rhodesia.

Nao maufumu a Azungu anatha mphamvu. Malawi ndi Zambia anadzilamulira mu 1964, Mozambique mu 1975. Atsamunda anapita, malire ao natsala, ndipo ife timawalemekeza monga nzika za maiko athu. Komabe kucokera mu 1984, pamene mwambo wa Kulamba unatsitsimutsidwa, mafumu a maiko onse atatu amagwada pa bwalo limodzi.

Cuma cimene Undi woyamba anatisiyira si nthaka yokha ai, koma cibale. Tikaleka kuphunzitsa ana athu cinenero cao, mfunda wao ndi njira ya ku Mkaika, tidzakhala titatsiriza tokha nchito imene inayambika mu 1891.