Edith Cavell, Namwino Amene Anakana Chidani

M'maiko a ku Ulaya muli anthu amene amadzipereka, popanda malipiro, kuvala zovala za anthu akale ndi kuima m'nyumba zosungiramo zinthu zamakedzana kuti afotokozere alendo mbiri ngati kuti iwo ndiwo eni ake a mbiriyo. Amayi ambiri amasankha kuonetsa ntchito zimene akazi ankagwira pa nthawi ya nkhondo, monga unamwino, kulima minda imene amuna anaisiya ndiponso kupanga zipolopolo m'mafakitale. Gulu lathu la zisudzo pano pa seminale litaganiza zochita chimodzimodzi pa tsiku la makolo, ine ndinadzipereka kuimira Mayi Edith Cavell, pakuti pano atsikana palibe. Ndisanavale chovala chawo ndinayenera kuwadziwa mayiwa, ndipo zimene ndinapeza ndizo ndikufuna kugawana nanu.

Mayi Cavell anabadwa pa 4 Disembala 1865 m'mudzi wa Swardeston, pafupi ndi mzinda wa Norwich ku Mangalande. Bambo awo, a Frederick Cavell, anali wansembe wa mpingo wa Anglican. M'chaka cha 1890 mayiwa anapita ku Brussels, likulu la dziko la Belgium, kukagwira ntchito yolera ndi kuphunzitsa ana pa banja lina. Patapita zaka zisanu anabwerera kwawo kudzadwazika bambo awo, ndipo atatero anatsimikiza mtima kuti adzakhala namwino. Anayamba maphunziro pa London Hospital mu 1896, ali kale ndi zaka 30. Chaka chotsatira anatumizidwa ku tauni ya Maidstone kukathandiza odwala pa mliri wa taifodi.

Mu 1907 Dokotala Antoine Depage anawaitana kuti abwerere ku Brussels kukatsogolera sukulu yatsopano ya anamwino. Mpaka nthawi imeneyo odwala ambiri ku Belgium ankasamalidwa ndi masisitere. Mayi Cavell anali munthu wofatsa, wosalankhulalankhula, komanso wosalola ulesi pa ntchito.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse, yomwe ija inafika mpaka ku Karonga ndi kutenga makolo athu ambiri ngati amtengatenga, inabuka mu 1914 iwo ali pa tchuthi kwa mayi awo ku Norwich. M'malo mokhala kwawo anabwerera ku Brussels. Pa 20 Ogasiti asilikali a Germany analowa mumzindamo. Chipatala cha sukulu ija chinakhala pansi pa bungwe la Red Cross, ndipo Mayi Cavell anaphunzitsa anamwino awo kusamalira wovulala aliyense, kaya ndi Mjeremani kaya ndi wa mbali inayo.

Itatha nkhondo ya ku Mons, asilikali ambiri a ku Britain anatsalira m'dera lolamulidwa ndi adani, akubisala m'nkhalango ndi m'makomo a anthu. Mu Novembala 1914 awiri mwa iwo anafika pa chipatala chija ali ovulala, ndipo Mayi Cavell anawabisa. Kuchokera pamenepo analowa m'gulu lachinsinsi limene munalinso a Philippe Baucq, katswiri wojambula mapulani a nyumba, ndi banja lachifumu la de Croÿ. Ntchito ya gululi inali kubisa anthu, kuwapatsa ndalama ndi owaperekeza, mpaka awoloke malire kulowa m'dziko la Netherlands, limene silinali m'nkhondo. Anthu pafupifupi 200 anathawa mothandizidwa ndi mayiwa. Lamulo la asilikali a Germany linkati wotumiza amuna kwa adani aphedwe, ndipo iwo ankadziwa zimenezi.

Anamangidwa pa 5 Ogasiti 1915 natsekeredwa m'ndende ya Saint-Gilles. Pofunsidwa sanakane mlandu. Pa 7 ndi 8 Okutobala anazengedwa pamodzi ndi anthu ena oposa 30, ndipo asanu anaweruzidwa kuti aphedwe. Akazembe a America ndi Spain anayesetsa kupempha chifundo usiku wa pa 11 Okutobala, koma mkulu wa asilikali mu Brussels, von Sauberzweig, anakana. Atatu mwa asanu aja chilango chawo chinasinthidwa pambuyo pake. Koma Mayi Cavell ndi a Baucq anaomberedwa ndi mfuti m'mawa wa pa 12 Okutobala 1915 pa malo otchedwa Tir National.

Apa ndi pamene nkhani ya zovala inatipatsa chintchito. Imfa ya mayiwa itamveka, maiko amene ankamenyana ndi Germany anasindikiza zithunzi zambiri zokopera anyamata kulowa usilikali. Zithunzizo zinkaonetsa mtsikana wokongola wovala zoyera za unamwino, atakomoka pansi, mkulu wa asilikali ataima pambali ndi mfuti m'manja. Anzanga ena ankafuna kuti tionetse zomwezo, poti makolo akanagwidwa chisoni ndi kuomba m'manja. Komatu paja amati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mayi Cavell anafa ali ndi zaka 49, imvi zili kumutu. M'khoti sanavale yunifomu ya unamwino koma zovala wamba. M'busa wa Chijeremani amene analipo pa imfa yawo, a Paul Le Seur, anachitira umboni kuti anaphedwa ndi gulu la asilikali oombera, osati monga zithunzi zija zinkanenera.

Ine ndinapempha anzanga kuti titsate zoona. Diresi la unamwino ndi duku loyera tinazigwiritsa ntchito pa gawo la m'chipatala lokha, pomwe ndinamanga mabala a mnzanga woimira msilikali wa Germany. Pa gawo la m'khoti ndinavala siketi ndi jekete zobwereka, ndipo ndinavomera mlandu mosakweza mawu. Ena anaseka poona mnyamata atavala siketi, koma chimene chinkandilemera si kusekedwako ayi. Munthu wakufa sangadziteteze. Ukavala chovala chake, oonerera amatenga zimene ukuchita ngati zake, ndipo ukamunamizira bodzalo limapita kutali.

Chimene ojambula zithunzi aja anasiya ndi usiku womaliza wa mayiwa. M'ndende ankawerenga buku lija la Thomas à Kempis lotiphunzitsa kutsanzira Khristu, The Imitation of Christ, nalemba zizindikiro m'mphepete mwa masamba ake. Ngakhale anali a mpingo wina, anamwa pa chitsime chomwe ife Akatolika timamwapo. Usiku wa pa 11 Okutobala wansembe wa Anglican, a Stirling Gahan, analoledwa kulowa m'chipinda chawo kukawapatsa Mgonero Woyera. Mayiwa anawauza kuti kukonda dziko lako pakokha sikukwanira, ndi kuti sayenera kusunga chidani kapena kuwawidwa mtima ndi munthu wina aliyense. Anthu amene ankati asawade ndi omwewo amene akanawapha kutacha.

Nkhondo itatha, mtembo wawo unabwezedwa ku Mangalande mu Meyi 1919. Mwambo wa maliro unachitikira ku Westminster Abbey, ndipo anaikidwa pafupi ndi tchalitchi chachikulu cha ku Norwich. Mu 1920 mu London munaimikidwa chipilala chowakumbukira, pafupi ndi Trafalgar Square. Pa chipilalacho analembapo mawu otamanda mfumu ndi dziko, koma mawu aja okana chidani anawasiya. Anawaonjezera mu 1924, bungwe lina la amayi litalimbikira kupempha.

Anzanga aseminale, ambiri a ife tikulakalaka kudzavala mkanjo tsiku lina ndi kulankhula m'dzina la Wina amene ndi wamkulu kuposa ife. Mbiri ya Mayi Cavell ikutionetsa kuti ndi chapafupi kutamanda munthu kwinaku ukusiya mawu ake amene akukuvuta. Tikamaimira wina pamaso pa anthu, tinene zonse zimene iye ananena, ndi zovuta zomwe.