Tikumbukila Tom Crean, ciphona ca rugby cimene cinali kumanga mabala kunkhondo

Lelo tikumbukila munthu wa ku Ireland amene anamwalila zaka zoposa 100 zapitazo, a Thomas Joseph Crean.

A Crean anabadwila mu mzinda wa Dublin pa 19 April 1873. Anaphunzila pa masukulu awili a Ajezuwiti, Belvedere ndi Clongowes Wood, ndipo pambuyo pake anacita maphunzilo a udokotala. Anali munthu wamtali ndi wojinca, conco anakhala woyenela masewela a rugby, mpila uja wooneka ngati dzila umene amathamanga nawo kumanja. Timu imakhala ndi anthu 15. Mwa awa, 8 ndi akutsogolo, amene nchito yao ndi kukankhana ndi adani ngati ng'ombe zapagoli kuti alande mpila. A Crean anali mmodzi wa iwo.

Anasewelela dziko lao kasanu ndi kanayi, kuyambila 1894 kufikila 1896. Mu 1894 timu yao inagonjetsa England, Scotland ndi Wales m'caka cimodzi, cinthu cimene Ireland inali isanacitepo. Mu 1896 anasankhidwa mu timu ya Britain ndi Ireland imene inapita ku South Africa, ndipo anasewela masewela onse anayi akuluakulu olimbana ndi dziko limenelo. Anzao atabwelela kwao, iwo anatsalila ku Johannesburg ndi kuyamba nchito pa cipatala.

Nkhondo ya Angelezi ndi Mabunu itabuka mu 1899, analowa gulu la asilikali apakavalo la Imperial Light Horse. Pa 18 December 1901, pa malo ochedwa Tygerkloof, adani anali kuombela ali pa mtunda wa mayadi 150 cabe. A Crean, monga dokotala, anapitiliza kumanga mabala a ovulala pamtetete. Anaomboledwa ndi cipolopolo, koma sanaleke. Analeka pamene cipolopolo caciwili cinawagwetsa, anthu n'kumayesa kuti apita. Anacila, ndipo mu 1902 analandila mendulo ya Victoria Cross, imene ndi yapamwamba kopambana kwa asilikali a Britain. Pa Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse anatumikilanso ovulala ku France, nalandila mendulo ina mu 1915.

Mapeto ao sanali okoma. Nkhondo inawasiya ndi thupi lofooka, nchito yao ya udokotala ku London inagwa, ndipo ngongole zinawapanikiza. Matenda a shuga anawatenga pa 25 March 1923 ali ndi zaka 49. Anaikidwa ku manda a Akatolika ku Kensal Green.

Ife tiona kuti ulemu wa a Crean suli pa mpila cabe. Nyonga zimene anali kugwetsela anzao pabwalo anazipeleka kwa anthu ovulala, tsiku limene akanatha kubisala. Anamwalila opanda cuma, komabe dzina lao lichulidwa kufikila lelo. Anyamata athu amphamvu m'midzi muno adzifunse kuti nyonga zao zithandiza ndani.