Denis Burkitt: dotolo amene adasaka khansa ya ana ndi mapu

M'zipinda zogonekamo ana pa chipatala chachikulu cha Kamuzu ku Lilongwe ndi cha Queen Elizabeth ku Blantyre, dzina la Burkitt silichoka pakamwa pa madotolo ndi anamwino. Ndi dzina la khansa imene imatupitsa nsagwada kapena mimba ya mwana, imodzi mwa khansa zofala kwambiri pakati pa ana m'Malawi muno. Mwini dzinali adali dotolo wa opaleshoni wa diso limodzi, amene adadutsa m'dziko lino m'chaka cha 1961, likadali Nyasaland, atanyamula zithunzi za ana odwala ndi funso limodzi loti afunse pa chipatala chilichonse.

Denis Parsons Burkitt adabadwa pa 28 February 1911 m'tauni ya Enniskillen, kumpoto kwa chilumba cha Ireland. Bambo ake, a James Burkitt, ankagwira ntchito yoyang'anira misewu, koma pa nthawi yopuma ankakonda mbalame. Ankaziveka timphete m'miyendo kuti azizizindikira imodziimodzi, kenaka n'kulemba pa mapu dera limene mbalame iliyonse inkakhala. Mwanayo adakula akuona kuti munthu wopenyetsetsa ndi kulemba zimene waona amatha kutulukira zinthu ngakhale alibe zipangizo zodula.

Ali ndi zaka 11 adavulala ndi mwala pa mkangano wa anyamata, ndipo diso lake lakumanja lidawonongeka. Izi sizidamulepheretse sukulu. Adalowa koleji ya Trinity ku Dublin kukaphunzira uinjiniya, koma posakhalitsa adasinthira ku udotolo, ndipo adamaliza mu 1935. Mu 1938 adapambana mayeso a ukatswiri wa opaleshoni ku Edinburgh. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse adagwira ntchito ngati dotolo wa asilikali, ndipo ntchitoyi ndiyo idamufikitsa ku Kenya. Adali Mkhristu wolimbikira, ndipo adakhulupirira kuti adaitanidwa kukatumikira mu Africa. Mu 1946 adapita ku Uganda, poyamba ku Lira, kenaka ku chipatala cha Mulago mumzinda wa Kampala.

Mu 1957 mnzake Hugh Trowell adamuitana kuti adzaone mnyamata wa zaka 5 amene adali ndi zotupa m'nsagwada zonse, zam'mwamba ndi zam'munsi, mbali zonse ziwiri. Patapita masabata ochepa, adapezanso mwana wina wodwala chimodzimodzi ku Jinja. Apa adabwerera ku mafayilo akale a ku Mulago n'kuyamba kuwerenga. Adapeza kuti zotupa za m'nsagwada, za m'maso, za mu impso ndi za m'mimba, zimene madotolo ankazilemba ngati matenda osiyanasiyana, zinkapezeka pamodzi mwa ana omwewo. Mu 1958 adasindikiza zimene adapeza pa ana 38 m'magazini ya British Journal of Surgery, koma ndi ochepa amene adazilabadira.

Funso limene lidamusowetsa mtendere lidali la malo kumene matendawa ankapezeka. George Oettlé, katswiri wa khansa wochokera ku Johannesburg, adamuuza kuti kwawoko chotupa chotere sankachiona. Ndi thandizo la mapaundi 25 okha, Burkitt adasindikiza timapepala tokhala ndi zithunzi za ana odwala, n'kutitumiza pa positi ku zipatala za boma ndi za mishoni mu Africa yense. Yankho lililonse likabwera ankalisonyeza ndi kapini pa mapu a pakhoma, ndipo ankasamala mayankho a amene sadaonepo matendawa mofanana ndi a amene adawaona. Pang'ono ndi pang'ono timapini tidajambula lamba wodutsa pakati pa Africa, wokhala ndi mchira wotsikira kum'mwera motsata gombe la kum'mawa.

Monga dotolo wa opaleshoni, iye ankadziwa kuti pofuna kumvetsa chotupa munthu amayang'ana m'mphepete mwake, pamene mnofu wodwala wakumana ndi wabwino. Adaganiza zochita chimodzimodzi ndi mapu: kupita pa malire a lambayo, pamene matenda akulekezera.

Maganizo amenewa amagwirizana ndi zimene katswiri wa masamu wa ku America, Claude Shannon, adalongosola mu 1948 pofufuza za kayendedwe ka mauthenga pa lamya. Shannon adaonetsa kuti uthenga ungathe kuyezedwa, ndipo kulemera kwake kumatengera kukayika kumene wachotsa mwa woulandira. Yankho limene munthu akulidziwa kale silimuonjezera kanthu. Funso la inde kapena ayi limaphunzitsa zambiri pamene mayankho awiriwa ali ndi mwayi wofanana. Ku Kampala aliyense akadayankha kuti inde, ku Johannesburg aliyense akadati ayi. Pakati pa mizinda iwiriyi, kumene palibe akadalosera yankho, ndi kumene funso la Burkitt likadabala zipatso. Iye adafika pa mfundoyi kudzera m'luso la opaleshoni, koma lero ofufuza za umoyo amagwiritsa ntchito masamu a Shannon posankha funso kapena kuyeza kumene kungawauze zambiri za wodwala.

Mu October 1961 adanyamuka ku Kampala pa galimoto yakale ya Ford pamodzi ndi madotolo anzake awiri, Ted Williams ndi Cliff Nelson. M'masabata 10 adayenda makilomita pafupifupi 16,000 ndipo adafika m'zipatala zoposa 50 za ku Tanganyika, Northern Rhodesia, Nyasaland, Mozambique, Southern Rhodesia ndi South Africa. Paliponse ankaonetsa zithunzi, kufunsa ogwira ntchito, ndi kutsegula makaundula kuti aone kumene odwala adachokera.

Dziko lathu lidawathandiza kwambiri chifukwa cha maonekedwe ake: nyanja ndi chigwa chotentha zili pafupi ndi mapiri ozizira. Adapeza kuti ana odwala khansayi ankachokera makamaka m'mbali mwa nyanja ndi m'zigwa za mitsinje monga Shire, pamene kumtunda adali osowa. Atafananiza ndi maiko ena, chithunzi chidaoneka bwino. Pafupi ndi Uganda matendawa ankafika mpaka pa mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere, kuno ankalekezera pa mamita pafupifupi 900, ndipo kum'mwera kwenikweni ankapezeka m'zidikha za m'gombe zokha. Alexander Haddow, katswiri wa tizilombo wa ku Entebbe, adathandiza kumasulira zimenezi: chimene chinkaika malire kudali kuzizira. Matendawa ankasowa kumene kumazizira kutsika madigiri 15. Ulendo wina wa ku Ghana ndi Nigeria udaonjezera mvula pa nkhaniyi, pakuti kumadera ouma a kumpoto khansayi idali yosowa. Mapu a kutentha ndi chinyezi adafanana ndi mapu a tizilombo touluka toyamwa magazi.

Miyezi ingapo ulendowu usadayambe, mu March 1961, Burkitt adakamba za khansayi pa chipatala cha Middlesex ku London. Mmodzi mwa omvera, Anthony Epstein, adaganiza kuti mwina pali kachilombo, ndipo adapempha kuti azimutumizira zidutswa za zotupazo kuchokera ku Kampala. Mu 1964 Epstein, Yvonne Barr ndi Bert Achong adalengeza kuti apeza vayirasi yatsopano, imene lero imatchedwa Epstein-Barr, yoyamba kudziwika kuti imakhudzana ndi khansa mwa anthu. Koma vayirasiyi idapezeka kuti ili mwa anthu ambiri pa dziko lonse, choncho payokha sinkalongosola lamba uja. Mayankho a ayi ndiwo adathandizanso. Ku Zanzibar ndi ku Kinshasa, malo otentha ndi achinyezi kumene boma lidalimbana ndi udzudzu, khansayi idali yosowa. Zidadziwika kuti malungo obwerezabwereza amafooketsa chitetezo cha mwana, n'kupatsa mpata vayirasi.

Burkitt adayesanso mankhwala. Makampani adamupatsa methotrexate ndi cyclophosphamide kwaulere, ndipo ana ena zotupa zawo zidaphwa atalandira mankhwala ochepa chabe. Khansa imeneyi idakhala imodzi mwa zoyamba kuchizika ndi mankhwala okha. Mu 1972 adalandira mphoto ya Lasker ndipo adasankhidwa kukhala membala wa Royal Society.

Atabwerera ku Britain mu 1966, adapitiriza kulandira malipoti kuchokera ku zipatala za kumidzi mu Africa. Adaona kuti khansa ya m'matumbo ndi kudzimbidwa, zofala kwa azungu, zidali zosowa kwa anthu odya chimanga chosakonola, nyemba ndi ndiwo zamasamba. Zaka zake zotsala adazithera pophunzitsa ubwino wa zakudya zosachotsa gaga, ndipo mu 1979 adalemba buku lotchedwa Don't Forget Fibre in Your Diet. Adamwalira pa 23 March 1993 ku Gloucester, ali ndi zaka 82, n'kusiya mkazi wake Olive ndi ana aakazi atatu.

Malire amene adajambula sadali mpanda. Lilongwe ili pa mamita oposa 1,000, komabe malungo alipo ndipo khansayi imagwira ana a m'chigawo chapakati. Imakula mofulumira kuposa pafupifupi khansa ina iliyonse, moti chotupa chimatha kuwirikiza kukula kwake m'masiku awiri okha, ndipo poyamba chimaoneka ngati dzino lovuta. Mwana wa ku Chinsapo kapena Likuni amene nsagwada yatupa ndipo mano akugwedera ayenera kuonedwa msanga, pakuti akayamba mankhwala nthawi yabwino mwayi wochira umakhalapo. Namwino wa pa chipatala cha mishoni cha Likuni akamalemba mudzi, mfumu yaikulu ndi boma la mwana m'kaundula ndi m'kabuku ka kuchipatala asadamutumize ku Kamuzu, amasiya mizere yofanana ndi imene Burkitt adayendera makilomita 16,000 kuti akaiwerenge.