Fe del Mundo: dokotala amene anagulitsa nyumba yake kuti amange cipatala ca ana

Amai a ku Kalingalinga ndi ku Mtendere amene amapita ndi makanda ao ku sikelo adziwa bwino kuti masiku oyamba a moyo wa mwana ndiwo oopsa koposa, makamaka ngati wabadwa masiku asanakwane. Kutali ku Asia, m'dziko la Philippines, kunali dokotala wamkazi, a Fe del Mundo, amene analimbana ndi imfa za ana kwa zaka zoposa 70.

A del Mundo anabadwa pa 27 Novembala 1911 mumzinda wa Manila. Abale ao atatu anamwalira akali makanda, ndipo mbale wao wina wamkazi, amene anali kufunitsitsa kudzakhala dokotala wa anthu osauka, anatsikira kuli cete ali ndi zaka 11. Maliro amenewa ndiwo anawasonyeza njira yoti atsate.

M'caka ca 1933 anatsiriza maphunziro a udokotala pa University of the Philippines, ndipo anaposa anzao onse m'kalasi. Mtsogoleri wa dzikolo, a Manuel Quezon, anawapatsa mwai wokapitiriza maphunziro ku America, kumene anakaphunzira za matenda a ana mumzinda wa Boston.

Anabwerera kwao mu 1941, asilikali a Japan atatsala pang'ono kulanda dzikolo. Pa nthawi ya nkhondoyo anasamalira ana oposa 400 a anthu akunja amene anatsekeredwa pa yunivesite ya Santo Tomas, kufikira pamene a Japan anatseka malo osungirako anawo mu 1943.

Nkhondo itatha anatsogolera cipatala ca boma, koma mtima wao unali pa kumanga cipatala ca ana okhaokha. Popeza ndalama zinali zocepa, anagulitsa nyumba yao ndi katundu wambiri, ndipo mu 1957 anatsegula Children's Medical Center ku Quezon City, cipatala coyamba ca mtundu umenewu m'dzikolo. Iwo anasamukira m'cipinda ca pamwamba m'cipatala momwemo, ndipo anakhalamo mpaka ukalamba wao.

Cimene ambiri amawakumbukira naco ndi cofungatira makanda ca nsungwi, cimene anakonzera midzi yopanda magetsi. Anatenga madengu awiri oluka, lalikulu ndi laling'ono, nalowetsa lina mkati mwa linzake, ndi kuika mabotolo a madzi otentha pakati pake kuti khanda lisazizidwe. Motero mwana wobadwira kumudzi anapeza kutentha kumene kale kunali kupezeka m'zipatala za m'mizinda mokha.

Mu 1966 anakhazikitsa Institute of Maternal and Child Health, kumene anaphunzitsa madokotala, anamwino ndi azamba. Analimbikitsa kuyamwitsa, katemera ndi zakudya zoyenera. Ngakhale anali Mkatolika wodzipereka, analimbikitsanso kulera, poona kuti kubereka pafupipafupi kumafooketsa mai ndi kuika mwana paciswe.

Mu 1977 analandira mphotho ya Ramon Magsaysay, ndipo mu 1980 anakhala mkazi woyamba kupatsidwa ulemu wa wasayansi wa dziko lonse la Philippines. Anapitiriza kuona ana odwala ali ndi zaka zoposa 90, nthawi zina ali pa njinga ya olumala.

Anamwalira pa 6 Ogasiti 2011 ali ndi zaka 99, ndipo anaikidwa m'manda a ngwazi za dziko. Cipatala cimene anamanga cinapatsidwa dzina lao.