Sir Frank Dixey: Munthu Amene Ankawerenga Miyala ya Dziko Lino

Ambiri a ife amene tidaphunzira kuno kunsi kwa mapiri a Dedza timaudziwa bwino msewu wa Khwekhwerere. Munthu umachoka kumtunda utavala juzi, koma pofika pa Golomoti thukuta lili kamukamu. Kuchokera pa boma la Dedza kufika m'mbali mwa nyanja, dziko limatsika ndi mamita oposa 1,000, ndipo mbali yaikulu ya kutsikako imachitika pa mtunda waufupi zedi. Tili ana a sukulu tinkangoti ndi mmene malowa adakhalira basi. Mmodzi mwa anthu oyamba kulongosola m'mabuku chifukwa chimene dziko lathu lidagumukira chotere adali Mngelezi wina dzina lake Frank Dixey, ndipo ndi mbiri yake imene takukonzerani m'kope lino.

A Dixey adabadwa pa 7 Epulo 1892 mu mzinda wa Bristol ku Mangalande, koma adakulira ku Barry m'dziko la Wales. Maphunziro a za miyala ndi nthaka adachitira ku koleji ya ku Cardiff. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itabuka, adalowa usilikali m'gulu loomba mizinga. M'chaka cha 1918 boma la Britain lidawatumiza ku Sierra Leone, kumene adakhala zaka zitatu akufufuza miyala ya kumeneko, ndipo mu 1921 adawasamutsira kuno ku Nyasaland kuti adzayambitse ofesi yoona za miyala ku Zomba. Nthawi imeneyo n'kuti ali ndi zaka 29 zokha. Adakhala kuno mpaka 1939.

Ntchitoyi siidali ya pa tebulo. Misewu idali yochepa, ndipo njanji yodutsa pa Golomoti ndi Mtakataka idafika ku Salima mu 1935, iwo atakhala kale m'dziko muno zaka 14. Wofufuza miyala wa masiku amenewo ankayenda ulendo wa pansi milungu yambiri, hamala m'manja, kampasi m'thumba, amtengatenga atasenza mahema ndi matumba a miyala. Tisaiwale kuti eni dziko adali akudziwa kale zina mwa zimene mzunguyo ankafuna. Makolo athu ankadziwa kumene kuli mtapo, ankasungunula chitsulo m'ng'anjo ndi kusula makasu azungu asanabwere. Pa chikuto cha malipoti pamaoneka maina a azungu okhaokha, koma munthu sangakwere Mulanje kapena kuoloka Chilwa popanda womulondolera njira.

Za chigwa chathu chino a Dixey adalemba mu 1926 m'magazini ya Geographical Journal, ndipo mu 1956 adatulutsa buku lofotokoza za chigwa chonse chachikulu cha kum'mawa kwa Africa. Mfundo yake ndi iyi: nthaka ya mbali ino ya Africa ikukokeka pang'onopang'ono, mwala wa pansi udang'aluka, ndipo chigawo cha pakati pa ming'aluyo chidatitimira. M'chigawo chotitimiracho ndi mmene muli nyanja, Bwanje ndi Shire. Mapiri amene timawaona kumadzulo tikaima pa Mua ndi m'mphepete mwa chigawo chimene chidatsala m'mwamba. Iwo ankatsindika kuti izi sizidachitike tsiku limodzi, koma m'magawomagawo, motsata malo amene mwala udafooka kale. Kuti ntchitoyo siidathe tidazimvera tokha pa 10 Malichi 1989, pamene chivomezi cha ku Salima chidagwetsa nyumba ndi kupha anthu. Mu 1997 akatswiri awiri, James Jackson ndi Tom Blenkinsop, adalemba za mng'alu wa Bilila-Mtakataka, wotalika pafupifupi makilomita 100, umene umadutsa m'tsinde mwa mapiri omwewa, ndipo adachenjeza kuti ungathe kubweretsa chivomezi chachikulu kuposa chija.

Komabe boma limene lidawalemba ntchito silinkafuna kwenikweni kudziwa za zigwa. Linkafuna mgodi. Nyasaland idali dziko losauka, amuna ambiri ankapita ku Joni ndi ku Halale kukakumba chuma cha eni ake, ndipo akuluakulu a ku Zomba ankalakalaka atapeza golide kapena kopa wawo. A Dixey sadawapezere zimenezo. Chimene adapeza mu 1924, pamwamba pa phiri la Mulanje pa malo otchedwa Lichenya, ndi bauxite, dothi limene amapangira aluminiyamu wa mapoto ndi ndege.

Kapangikidwe ka bauxite n'kosavuta kukamvetsa kwa aliyense amene adaonapo amayi akutcheza chidulo. Madzi akamadutsa m'phulusa amatenga zimene zimasungunuka, n'kusiya zosasungunuka m'chiwiya. Pa Lichenya mvula imagwa yambiri, ndipo kwa zaka mamiliyoni yakhala ikulowa m'mwala wa phirilo, kuuvunditsa ndi kukokolola zosungunuka. Aluminiyamu sasungunuka msanga, choncho amatsala, ndipo m'kupita kwa nthawi amachulukana m'dothi la pamwamba. Kusiyana kwake n'kwakuti pa chidulo timafuna madzi odontha, pamene pa bauxite chuma ndi zotsalazo. Kafukufuku wa pambuyo pake adaonetsa kuti pamalopo pali matani oposa 25 miliyoni.

Mwina mufunsa kuti nanga bwanji patha zaka zoposa 100 dothilo likadali pomwepo. Yankho lalikulu ndi magetsi. Kuti papezeke tani imodzi ya aluminiyamu pamafunika matani anayi kapena asanu a bauxite ndi magetsi ochuluka koopsa, pamene malo oyamba opangira magetsi pa Shire, a Nkula, adatsegulidwa mu 1966 ndi mphamvu ya mamegawati 24 okha. Kutsitsa dothi kuchokera pamwamba pa phiri nakonso ndi ndalama. Ndiye palinso anthu a ku Mulanje, Phalombe ndi eni minda ya tiyi amene amamwa madzi ochokera m'phirimo, ndipo akhala akukana nkhani ya mgodi nthawi iliyonse ikadzuka. Mu 2025 bungwe la UNESCO lidaika phiri la Mulanje m'kaundula wa malo ofunika kusungidwa pa dziko lonse. Kupeza mwala ndi nkhani ina, kuukumba ndi inanso, ndipo ife sitikuona ngati a ku Mulanje akulakwa kufunsa za madzi awo poyamba.

Ntchito imene idatchukitsa dzina lawo pakati pa akatswiri anzawo ndi ya mwala wa njereza wa ku Chilwa. Panthawiyo pafupifupi buku lililonse linkaphunzitsa kuti mwala wa njereza umapangika pansi pa madzi, kuchokera ku zigoba za tizilombo ndi matope amene amaunjikana kwa zaka zambiri. Ngakhale umene umapezeka m'chigwa cha Bwanje udayamba motero kalekale, kenaka n'kusandulika chifukwa cha kutentha ndi kupanikizika pansi pa nthaka. Koma pa chilumba cha Chisi m'nyanja ya Chilwa, pa Tundulu ndi pa Kangankunde, a Dixey adaona zosiyana. Njereza ya kumeneko siidayalane ngati mphasa mmene imakhalira ya m'madzi. Idaima ngati chitsa pakati pa mapiri ozungulira, itaboola miyala yakale, ndipo miyala yoizungulira idali yophwanyikaphwanyika ndi yosandulika ngati yawauka.

Miyalayo adaitumiza ku London kwa William Campbell Smith wa ku British Museum, amene adaiona pa makina okuzira zinthu ndipo adazindikira kuti ikufanana ndi ya ku Fen m'dziko la Norway ndi ya ku Alnö m'dziko la Sweden. Katswiri wa ku Norway, W. C. Brøgger, adali atanena kale mu 1921 kuti miyala ya mtundu umenewu idachokera m'chiphalaphala cha pansi pa dziko, ndipo adaitcha carbonatite. Mu 1937 a Dixey, a Campbell Smith ndi a C. B. Bisset adatulutsa lipoti lotchedwa The Chilwa Series of Southern Nyasaland. Aka kadali koyamba kuti carbonatite izindikiridwe mu Africa muno. Mapiri aja adali mizu ya mapiri ophulika moto amene adazima zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo.

Si onse adavomera. Akatswiri ena otchuka ankati njereza siingasungunuke n'kuyenda ngati phala, ena ankati ndi njereza wamba ya m'madzi imene moto udangoimeza. Mkanganowo udatenga zaka, ndipo udathera ku Tanganyika. Mu 1960 mnyamata wina wofufuza miyala, J. B. Dawson, adatsikira m'kamwa mwa phiri la Oldoinyo Lengai ndipo adapeza chiphalaphala cha mtundu womwewu chikutuluka, chakuda ngati oyilo wakutha, chimene chimayera pakangopita masiku ochepa. A Dixey adali moyo kumva nkhaniyi.

Chifukwa chiyani nkhani ya njereza ili yofunika kwa ife? Chiphalaphala cha carbonatite chimanyamula zinthu zimene miyala ina siizilandira. Chikamazizira, zimene zimauma msanga zimachoka, ndipo zotsalazo zimanka zichulukana m'madzi otentha otsalira, monga mmene mchere umachulukira mumphika madzi akamaphwa. Potsiriza zimaumira pamodzi pa malo ochepa. N'chifukwa chake pa Chisi pali niobium wolimbitsira zitsulo, pa Tundulu pali fosifeti wopangira feteleza, ndipo pa Kangankunde ku Balaka ndi pa phiri la Songwe ku Phalombe pali miyala ya rare earths, imene masiku ano amapangira maginito a m'mafoni, m'galimoto zoyendera magetsi ndi m'makina opukusa magetsi ndi mphepo. Mu 1937 palibe amene akadalota za foni ya m'manja. M'zaka za m'ma 1950 M. S. Garson adapitiriza kafukufukuyu mwatsatanetsatane, ndipo mu 2022 kampani ya ku Australia ya Lindian Resources idachita mgwirizano wogula malo a mgodi a Kangankunde. Onsewa akuyenda m'mapazi a lipoti lija.

Kuno kwathu chitsanzo cha mmene chilengedwe chimasonkhanitsira chuma tili nacho pafupi. Amene mudasambako m'nyanja cha ku Chipoka mukukumbuka mizere ya mchenga wakuda m'mphepete mwa madzi. Mitsinje imatsitsa zidutswa za miyala kuchokera m'mapiri, ndipo mafunde amazipeta ngati mayi ndi lichero: mchenga wopepuka umapita, wolemera umatsala. Wakudawo muli ilmenite, mwala umene amapangira utoto woyera. Mvula pa Lichenya, moto pa Chisi, mafunde pa Chipoka, zonsezi zimagwira ntchito yofanana, yosankha chinthu chimene chidamwazikana ndi kuchiunjika pamodzi mpaka munthu atha kuchikumba ndi phindu.

Tikanena zoona, chimene anthu a m'midzi adapindula nacho a Dixey ali moyo si mgodi ayi, koma madzi. Kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930 ofesi yawo idatenga ntchito yokumba zitsime ndi mijigo m'madera ouma, ndipo mu 1931 iwo adalemba buku lotchedwa A Practical Handbook of Water Supply, limene lidagwiritsidwa ntchito m'maiko ambiri a mu Africa. Munthu wodziwa kumene mwala udavunda kapena kung'aluka amadziwanso pamene madzi abisala. Ife a m'chigwa, amene timaona mitsinje ikuphwa mwezi wa Okutobala, tikudziwa mtengo wake wa mjigo. Ndi luso limeneli limene lidawachotsa kuno mu 1939 kupita ku Northern Rhodesia kukayang'anira ntchito za madzi.

Mu 1944 adapita ku Nigeria kukatsogolera ofesi ya za miyala, ndipo kuyambira 1947 mpaka 1959 adali ku London ngati mkulu woyang'anira maofesi onse a mtunduwu m'maiko olamulidwa ndi Britain. Ulemu udabwera motsatizana: mendulo ya Murchison mu 1953, umembala wa Royal Society mu 1958, ndi dzina la Sir mu 1972. Atapuma ntchito adapitirizabe kulangiza maiko ena pa nkhani za madzi. Adamwalira pa 1 Novembala 1982 ali ndi zaka 90.

Dzina lawo lidatsala m'dziko muno m'njira imene mwina iwo sadaiyembekezere. M'zaka za m'ma 1920 adafufuza miyala ya ku Mwakasyunguti m'boma la Karonga, kumene kudapezeka mafupa a chinyama chachikulu chamakedzana, ndipo adatumiza mafupawo ku South Africa kwa Sidney Haughton. Mu 1928 a Haughton adachitcha Gigantosaurus dixeyi powalemekeza. Mu 1993 Louis Jacobs ndi anzake, mmodzi mwa iwo Mmalawi Elizabeth Gomani, atakumba mafupa ena pa malo omwewo, adaona kuti chinyamacho ndi cha mtundu wakewake ndipo adachipatsa dzina latsopano lakuti Malawisaurus dixeyi. Amene mudzapite ku Karonga mukachipeza chitaimikidwa m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya kumeneko, imene idatsegulidwa mu 2004.